Kuodira Seva

Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa kachipatala kena kumunsi kwa Nsanje. Mbiri ya odwala onse inkakhala mu seva, chikompyuta chomwe tinkachitsekera m'kachipinda kakumbuyo. Chinthu chimenecho chinandidyetsa njala, ndikuuzeni. Magetsi akabwerera chinkayatsa kanyale kobiriwira msangamsanga ngati chadzuka, chonsecho m'kati chidakali m'tulo. Ukafulumira kufunsa dzina la wodwala, basi chakwiya, uyambirenso.

Katswiri wina wochokera kuboma anatiikira kapulogalamu koti kazigogoda pa sevayo mpaka iyankhe. Ikayankha, pa kompyuta yanga pankatuluka mawu akuti "Lowani". Ife tinkangoti kuodira. Ndipo ndi zoona, pakhomo pa eni suloŵa asanakuyankhe odi.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuŵa likuswa mtengo, kunabwera bambo wina wa kutsidya kwa Shire, wowonda, atavala jekete m'kutentha konseko. Mankhwala ake a tsiku ndi tsiku anali atatha. Buku lake lakuchipatala linapita ndi madzi osefukira, ndipo anali atasinthidwa mankhwala chifukwa oyamba ankamudwalitsa. Atsopanowo dzina sankalidziŵa. Anamwino anakana kulota, poopa kumupatsanso omwe aja. Magetsi anali atangobwera kumene, ndiye ndinayamba kuodira.

"Bambo, dikirani pang'ono pa benchipo, kompyuta ikudzuka," ndinatero.

"Mwanga, mwini bwato sadikira. Kwathu akudziŵa kuti ndapita kukagula mchere."

Apo ndinamva kuti kubwera kwake kunali kobisa. Mtima unandiwawa. Ndinathamangira kumbuyo: kanyale kali gwa, kobiriwira bwinobwino, fani ikulira, chipinda chili ngati uvuni. Ndinachitukwana chinthucho, Mulungu andikhululukire. Kuchizimitsa ndinkaopa, chifukwa kudikira kukanayambiranso pachiyambi. Ndinaimbira katswiri uja. Akuti, "Magetsi akathima mwadzidzidzi imayamba yadzikonza kaye, musaikhudze." Mpaka liti? Akuti sangadziŵe. Ha! Ngati iye sadziŵa, ine ndimuuze chiyani munthu?

Ndinatuluka kukamupempha kuti agone kwathu, awoloke maŵa. Anapukusa mutu, nanyamula kathumba kake ka mchere.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, ngati kuti tamuchitira kanthu.

Nditabwerera pampando ndinapeza pa kompyuta palembedwa kale "Lowani". Ndinathamanga mpaka kumsewu, koma njinga yakabaza inali itamutenga. Dzina la mankhwala ake ndinaliwerenga ndili ndekha, ndipo ndimalikumbuka mpaka lero. Mwini wake sindinamuonenso pa benchi paja.