Timbale ta Damaris ndi Sopo wa Amayi Ake

Inu amene mukuti zanu zathera pomwepo, tamvani za Damaris Sakala wa ku Luangwa, mu Kitwe.

Tsiku limene zinthu zinamuipira kotheratu Damaris, kunja kunali kowala bwino. Anatsika minibasi yochokera ku Ndola, n'kupeza timbale take tonse tagalasi tikung'anima pa thandala. Amayi ake, amene anali kumudzi ku Katete chiikireni maliro a bambo ake, anali atabwera m'mawa womwewo. Anawapeza thovu la sopo lili m'zigongono.

"Iwe mwana, ndinakusiyira nyumba kapena dzala? M'kabati monse chuku chokhachokha! Ndatsuka zonse, ndi madzi otentha omwe ndathira."

Damaris anangokhala pansi, padothi, chikwama chili m'manja. Ngakhale misozi inakana kutuluka.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Bambo ake, a Nehemiah, ankagwira ntchito pansi pa mgodi wa kopa. Migodi itayamba kugulitsidwa anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri, banja n'kuchoka m'nyumba ya kampani kukakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Kenaka anadwala chifuwa chachikulu. Mapiritsi ankamwa mokhulupirika, koma chifuwacho chinali chosamva mankhwala. Anamwalira Damaris akuwapukuta thukuta.

Damaris anali ataphunzira sayansi ya zamoyo, ndipo ankagwira ntchito mu labotale ya kampani ina ku Ndola. Nayonso inagulitsidwa, eni atsopano n'kukhoma labotaleyo. Iye anatulukamo ndi katoni ya timbale tagalasi timene anthu ankafuna kutaya.

Koma anali ndi ganizo limene linkamusowetsa mtendere. Kunja kwa tauni kuli milu ya dothi lotayidwa ndi migodi, dothi loti chimanga sichimera. Pa milu imeneyi pamaphuka kaduwa kena kamakani, ndipo m'mizu yake mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Damaris ankati kachilombo kokhoza kukhala pamalo owawa chotero kayenera kukhala ndi zida zoopsa zomenyera tinzake. Bwanji zida zimenezo osazisandutsa mankhwala?

Wasayansi wina wachikulire wa ku Ndola, Dokotala Muriel Kapembwa, anamumvetsera n'kunena kuti: "Yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja yandipempha wophunzira m'modzi yekha. Undibweretsere kachilombo kamoyo kamene kakupha tizilombo ta matenda isanafike Khirisimasi, ndipereka dzina lako. Ukalephera, ndipereka la wina."

Mu labotale ya a Kapembwa malo anali ochepa, ndiye Damaris ankalera tizilombo ta m'dothito m'kabati ya amayi ake. Chuku chimene chinatsukidwacho chinali ntchito ya miyezi yambiri, ndipo mvula yoyamba inali itagwa kale, kusonyeza kuti Khirisimasi yayandikira.

Amayi ake musawaseke. Akazi a anthu a pa mgodi analeredwa ndi kampani pa nkhani ya ukhondo. Kale amayi a welofeya, oyang'anira ukhondo otumidwa ndi kampani, ankayendera nyumba, kupitisa chala pamwamba pa kabati, ndipo wopezeka ndi fumbi ankatchulidwa dzina pa msonkhano. Amake Damaris dzina lawo silinatchulidwepo. Ntchito ya mwamuna inapita, nyumba inapita, mwamunayo anapita. Chimene chinawatsalira ndi ulemu wa kabati yoyera.

Damaris atawafotokozera, amayiwo anayang'ana manja awo.

"Ndiye kuti ndatsuka sukulu yako?"

"Basi, amayi, zatha. Mawa mundifunsire nyundo kwa anansi athu, amake Caleb. Nanenso ndizikaswa miyala ya konkire ngati ena onse."

"Nyundo? Atate ako anamezera fumbi la pansi kuti iwe ukameze la pamwamba?"

Damaris analowa m'nyumba n'kudziphimba bulangete masana dzuwa likuswa mtengo.

Amayiwo sanapepese kawiri, sanali munthu wa zimenezo. Lachisanu anapita ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano ku mpingo wawo wa Reformed, n'kuimirira nthawi ya zolengeza.

"Amayi anzanga, ndalakwira mwana wanga. Ndikufuna mabotolo a jamu ndi miyendo yanu."

Loweruka anthu oswa miyala m'mbali mwa msewu anaona zodabwitsa: mzere wa amayi a mpingo, zitenje zili m'chiuno, akukwera mulu wa mgodi uku akuimba nyimbo ya m'buku. Aliyense anali ndi botolo ndi sipuni. Wina mwa oswa miyalawo anawakuwira kuti, "Mwe bamayo, amayi inu, kopa anatha kale kumeneko!" Amake Caleb anamuyankha kuti, "Sitikufuna kopa, tikufuna chuku. Iwe swa miyala yako!"

Anatula mabotolowo pakhomo. Damaris anatuluka, n'kuwayang'ana mofooka.

"Amayi, zikomo, koma dothi la m'botolo la jamu silingathandize. Mumakhala kale tizilombo tina, tisokoneza zonse."

"Tizilombo? M'botolo loti ndawiritsa ine? Mabotolo, zotsekera, masipuni, zonse zabwata m'poto monga ankatiphunzitsira ku kiliniki ya mgodi uli khanda. Ndipo palibe wakhudza dothi ndi chala. Ndinawaopseza."

Damaris anatenga botolo limodzi n'kuliunika padzuwa. Ukhondo womwe unamuphera ntchito ndi umene unamubweretsera dothi lochokera m'malo ambiri kuposa amene iye yekha akanafikako. Anapinda bulangete lija n'kuyambiranso.

Musaganize kuti zinangoyenda. Timbale tambiri sitinamere kanthu. Tina tinamera zachabechabe. Magetsi ankazimazima, ndipo ulendo wa ku Ndola nthawi zina unkadalira lole ya munthu wachifundo. Kabati ija amayi ake anaimanga ndi chingwe, ndipo mlendo akayandikira ankamva, "Choka apo, muli yunivesite umo!"

Khirisimasi ili pafupi, a Kapembwa anatenga tizilombo ta Damaris n'kutiika pakati pa mbale zofesedwa tizilombo ta matenda. Patapita masiku anamuitana. M'mbale zonse tizilombo ta matenda tinali titadzaza mpaka m'mphepete, kupatula imodzi. M'menemo, kuzungulira kadontho kotuwa, panali bwalo loyera mbee, ngati pakhomo posesedwa m'mawa. Palibe kachilombo ka matenda kanayerekeza kuponda pamenepo.

A Kapembwa anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Mwana wanga, kapeze jekete lochindikala. Kumene ukupitako kumazizira."

Damaris atawauza amayi ake za bwalolo, iwo anangoti, "Ndiye kuti kachilombo kako n'kaukhondo. Katengera ine."

Kutsidya kwa nyanja Damaris anaphunzira kuwerenga malangizo obisika m'kati mwa chamoyo chilichonse, aja amawatcha DNA. Tangoganizani: kanthu koti diso silikaona, koma m'kati mwake muli malangizo aatali kuposa buku la nyimbo, ndipo mwana wa munthu wa pa mgodi akuwawerenga! Anafufuza mpaka anapeza kachigawo kamene kamalamula kachilomboko kupanga chida chake chija. Anakachotsa n'kukaika mwa kachilombo kena kofulumira kuswana, kuti chidacho chizipangidwa chambiri.

Mankhwala sapsa ngati zitumbuwa. Mtundu woyamba unkapha matenda koma unkawononganso chiwindi cha mbewa zoyeserapo. Wachiwiri unkasungunuka usanafike m'mapapo. Zaka zinadutsa Damaris akusintha apa, akukonza apo, imvi n'kuyamba kumera. Pomaliza anapeza mtundu umene unagonjetsa tizilombo ta chifuwa chosamva mankhwala chija, osavulaza mbewa, ndipo madokotala anavomera kuyamba kuuyesa mosamala pa anthu.

Zimene Damaris analemba, asayansi a m'maiko ambiri anaziwerenga, n'kumatchula dzina lake m'zolemba zawo. Ena anayamba kukumba milu ya migodi ya kwawo, imene kale ankaidutsa atatseka mphuno. Iye anabwerera ku Ndola n'kutsegula labotale yake, ndipo ambiri mwa ophunzira ake ndi ana a anthu amene anachotsedwa ntchito pamodzi ndi bambo ake.

Tsiku lotsegulira labotaleyo amayi ake anabwera atavala yunifolomu ya Chigwirizano, akuyenda ndi ndodo. Anapitisa chala pamwamba pa kabati, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenaka anaona kambale kachuku pa tebulo. Dzanja linanyamuka lokha, n'kuima m'malere.

"Damaris, ichi ndi litsiro kapena ndi sukulu?"

"Ndi sukulu, amayi."

"Chabwino." Anabweza dzanja n'kulipinda kumbuyo.

Tsono inu amene ntchito yanu yatsukidwa, kaya ndi kampani, kaya ndi matenda, kaya ndi munthu wokukondani amene sanadziwe chimene akuchita, lirani pang'ono, n'zololedwa. Mukatero pindani bulangete. Dothi likadalipo pa mulu, ndipo anthu okuthandizani kukwera alipo, mwina ndi omwewo mwawakwiyirawo. Mtima usagwe. Wiritsani botolo, kayambeninso.