Tsiku Limene Tinalemba Ntchito Mwini Chikwama

Boma litalengeza mu 1994 kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, kalasi yanga ya Sitandade 3 inadzaza mpaka ana ena ankaphunzira atakhala pawindo. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya m'kati mwa esiteti ya tiyi, mtunda wa ola limodzi pa njinga kuchokera ku Luchenza. M'chikhamu chimenecho munabweranso ana amene kale ankatsekeredwa m'nyumba makolo akapita kothyola tiyi: osamva, osaona bwino, oyenda chokwawa. Ife aphunzitsi tinawalandira ndi manja awiri. Tinawakhazika kumbuyo kwenikweni kuti maphunziro asawasokoneze.

Patapita zaka, bungwe lina lachifundo linati sukulu za m'dera lathu zikufunika mkulu woyang'anira maphunziro a ana olumala, ndipo tisankhe tokha munthuyo. Komiti yosankha inali ya anthu atatu: ahedi athu, mayi wina wothyola tiyi amene ankaimira makolo, ndi ine. Ine anandiikamo chifukwa ndinali ndi dzanja labwino polemba, luso lomwe, monga mukudziwa, limathandiza kwambiri pozindikira vuto la mwana wosamva.

Tsiku la intavyu kunali chiperoni, ndipo anafika anthu awiri okha. Woyamba anali bambo wa suti yakuda, nsapato zowala ngati m'dera lathu mulibe matope, m'manja atanyamula chikwama chachikopa chokhala ndi maloko awiri. Atachitsegula munatuluka masatifiketi a mawekishopu, ochuluka moti tinachita kusuntha kapu ya ahedi kuti akwane patebulo. Wachiwiri anali mayi wamfupi, mphunzitsi wa ku Mphuka, amene anabwera pa kabaza chitenje chili matope okhaokha. Mapepala ake anali m'jumbo.

Mayi woimira makolo anali ndi funso limodzi lokha, ndipo anafunsa onse awiri mofanana. "Mwana wa achemwali anga samva. Mungamuphunzitse bwanji?"

Bambo aja anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kuyankha m'Chingerezi kwa nthawi yaitali. Mawu ena anali aatali moti ndinalephera kuwalemba. Mwanayo sanamutchule, koma anatchula mayiko atatu. Mayi wofunsa uja anangoyang'ana zikhadabo zake zakuda ndi utomoni wa tiyi.

Mayi wa jumbo, itafika nthawi yake, anakoka mpando n'kuyandikira wofunsayo. "Anabadwa choncho kapena anachita kudwala? Chitseko chikamenyetseka amatembenuka? Akafuna madzi amakuuzani bwanji?" Ataona kuti mnzakeyo akudodoma, anasintha n'kuyamba Chilomwe, ndipo awiriwo anacheza ngati akumana pachitsime.

Atatuluka onse, ahedi anapukusa mutu. "Mayiwa sadziwa intavyu. M'malo moyankha mafunso akufunsa okha."

"Ine ndikufuna omwewo," anatero mayi woimira makolo. "Abambowa sindinamvepo kanthu."

"Ndiye umboni wake umenewo woti ngophunzira," anatero ahedi.

Voti yotsala inali yanga. Ndinasankha mwini chikwama, ndipo m'buku ndinalemba mokongola kuti ali ndi luntha ndi masomphenya. Zoona zake zinali zina. Kunyumba ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri amene, chichirireni malungo aakulu, sankayankha ukamuitana ali chopenya kwina. Mayi ake ankati timutengere kuchipatala. Ine ndinkati ndi mwano chabe, mwana wa mphunzitsi sangakhale wosamva. Mafunso a mayi wa jumbo aja anandilasa ngati akufunsa ine, ndipo sindinafune munthu wamaso otero azizungulira pafupi ndi khomo langa.

Abwana atsopano anayamba ntchito ndi mphamvu. Choyamba anafuna ofesi, ndipo anatenga chipinda chokhacho pasukulupo chimene chinali ndi chitseko chotsekeka. Kenako anajambula chithunzi chachikulu pakhoma, cha mabokosi ndi mivi, chosonyeza mmene chithandizo chiziyendera. Bokosi lapamwamba linali lawo. Ana anali m'kabokosi ka pansi penipeni, pamene pepala linkathera, moti liwu loti "ana" linadukira pakati. Anakhazikitsa komiti pa sukulu iliyonse, ndi komiti ina yoyang'anira makomitiwo. Anatumiza kwa makolo fomu ya masamba anayi ya m'Chingerezi. Mafomu ambiri tinawapeza pamsika wa ku Luchenza atakulungira usipa.

Anatiitaniranso wekishopu. Kumeneko anatimanga nsalu m'maso kwa kanthawi kuti timve mmene wosaona amamvera, kenako anatimasula n'kutiuza kuti tsopano ndife akatswiri, tikadye nkhomaliro. Koma ntchito yawo yotchuka inali kanjira ka simenti kotsetsereka, koti aziyendapo ana a njinga za olumala. Amisiri a pa esiteti anakamanga bwino ndithu. Kankathera pakhomo la ofesi ya abwanawo, ndipo kanathandiza kwambiri polowetsa njinga yawo yamoto m'kati kuti isanyowe. Makalasi onse anatsala ndi masitepe awo atatu.

Itakwana nthawi yolemba lipoti, abwana anazindikira kuti alibe dzina la mwana ndi mmodzi yemwe. Ndipamene anakumbukira mayi wa jumbo uja, n'kumulembera kalata yomukweza kukhala wothandizira wawo, udindo wopanda mpando, wopanda njinga. Mayiyo anavomera. Akaweruka kusukulu kwake ankayenda wapansi m'malaini a antchito, nyumba ndi nyumba, kucheza ndi makolo m'Chilomwe mpaka atamuonetsa mwana wobisidwa kuchipinda.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona mayi wa jumbo uja walowa m'kalasi mwanga n'kukhala pansi kumbuyo, pakati pa ana aja tinawasunga kutali ndi maphunziro. Ndinaphunzitsa masamu mokweza mawu kuti aone kuti ndine mphunzitsi weniweni. Belu litalira anabwera kutsogolo.

"Aphunzitsi, masharubuwo mumete."

"Pepani, mwati bwanji?"

"Muli ndi ana awiri amene amamva ndi maso. Amayang'ana milomo. Yanuyo ili m'tchire. Komanso mumalankhula ndi bolodi. Bolodi silidzalemba mayeso."

Masharubu amenewo ndinawasunga chichokereni ku koleji, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndiwo ankagwira mwambo m'kalasi. Kenako analoza panja. "Nanga kamtsikana kavala juzi yofiira kaja, kakusewera kokha kuseri kwa Sitandade 2, n'ka ndani?"

Ndinati, "N'kanga."

Sanadabwe. Anandiuza kuti ndimutsate. Tinakaima kumbuyo kwa mwanayo iye akutola timiyala. Mayiyo anawomba m'manja kumanzere kwake. Mwana sanatembenuke. Anawombanso mwamphamvu kumanja, ndipo mwana anatembenuka pang'onopang'ono, koma ataona ine anadzidzimuka, n'kuphimba mutu ndi manja. Ankadziwa kuti bambo ake akaima kumbuyo kwake ndiye kuti aitana kale kangapo, ndipo chotsatira ndi khofi.

Mayiyo anaona manjawo, kenako anayang'ana ine. Anangong'amba tsamba m'kope lake, n'kulemba kalata yoti tipite nayo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. "Mupite sabata ino, abambo. Osati mukakolola."

Ine ndi mkazi wanga tinapita naye mwanayo. Adokotala anati khutu lamanzere linafa, lamanja likumva pang'ono, ndipo tikanabwera msanga bwenzi zinthu zili bwinoko. Pobwerera tinakwera minibasi ya ku Luchenza. Mwana anagona pamiyendo panga, ndipo ine ndinkayang'ana minda ya tiyi pawindo ngati ndikuiona koyamba, kuopa kuti anthu angaone nkhope yanga. Tsiku lomwelo ndinameta.

Lipoti la abwana linatuluka lonenepa, lodzaza ndi mayina amene mayi uja anatolera ndi mapazi ake. Akuluakulu a bungwe analikonda kwambiri, moti anawaitana abwanawo kutauni kuti akaphunzitse madera ena mmene ntchito imagwiridwira. Paphwando lotsanzikana ndine ndinalemba mawu oyamikira. Ahedi anawawerenga mpaka mawu kunjenjemera. Tinkayembekeza kuti tisankhanso mkulu wina, koma bungwe lija linali litayamba kukonda zodzala mitengo, ndipo udindowo unangozimirira.

Ntchito yokha siinazimirire. Mayi wa jumbo uja anapempha khonde la tchalitchi kuti Loweruka lililonse aziphunzitsapo ana osamva ndi makolo awo kulankhula ndi manja. Mayi woimira makolo uja, amene tinamugonjetsa pavoti, anagwirizanitsa azimayi a m'malaini kuti azisinthana kubereka ana osayenda popita kusukulu, kapitawo asanayambe kuitana mayina. Mwana wanga anasamukira kutsogolo, khutu lamanja chakwa mphunzitsi, ndipo anadzakhoza Sitandade 8 ulendo wachiwiri. Lero ndi telala ku Luchenza, ndipo makasitomala ovuta amawatembenuzira khutu lamanzere.

Zinanditengera zaka kuti ndiulule. Loweruka lina, ana atabalalika, ndinamupeza mayiyo akupukuta choko m'manja.

"Amayi, paintavyu paja voti imene inakugwetsani inali yanga."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Munkalemba osandiyang'ana."

Ndinadikira kuti anene kuti palibe kanthu, monga amanenera anthu a Mulungu.

"Mukudikira kuti ndinene kuti palibe kanthu? Kanthu kalipo, abambo. Ndayenda wapansi zaka zonsezi, maondowa anatha." Anamanga chitenje chake bwinobwino. "Sabata yamawa kukubwera ana atatu atsopano a ku Kapichi. Mabenchi ndi ochepa. Mulawire, mukatenge awiri kusukulu kwanu, ndipo ahedi mukambirane nawo nokha."

Ndinalawira. Ahedi anakana, ponena kuti mabenchi a sukulu satuluka popanda kalata. Ndinakhala pansi n'kulemba kalatayo, iwo n'kusaina asanaiwerenge, ndipo ndinasenza mabenchiwo limodzilimodzi kudutsa m'minda ya tiyi, azimayi othyola akundifunsa ngati kwagwa maliro.