Pikapu ya Apongozi ndi Mtolo wa Makiyi

Chaka chimene ndinalowa chikamwini kufupi ndi Milonde, apongozi anga aamuna anali atangopuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi. Anagula pikapu yoyera yomwe inali itatopa kale kuposa iwowo. Ana awo onse anali aakazi, ndipo ine ndinali mkamwini woyamba. Ndinkayesa kuti ntchito yanga pamudzipo idzakhala kulima ndi kufolera nyumba, osadziwa kuti ndakwatiranso galimoto.

Masiku ena pikapuyo inkalira kamodzin'kamodzi. Masiku ena apongozi akapotokola kiyi inkangoti zii, ngati munthu amene wafunsidwa za mbuzi yosowa. Zikatero ankatulutsa mutu pawindo n'kunena mwaulemu wonse, "Akamwini, tatithandizani pang'ono." Pang'ono pakepo panali kukankha kuchokera pabwalo mpaka pamtsetse wa kuchigayo, iwo ali phee pachiwongolero, jekete lili m'thupi.

Poyamba anati vuto ndi batire, n'kugula lina. Sizinasinthe. Kenako anati ndi sitata, ndipo m'mawa uliwonse ankaigogoda ndi sipanala ngati akudzutsa mlesi. Popeza anali mkulu wa mpingo, akulu anzawo anabwera Loweruka lina kudzasanjika manja paboneti. Tsiku limenelo inaliradi, ndipo Lamulungu apongozi anapereka umboni m'tchalitchi. Lolemba ndinakankha.

Mapeto ake mlandu unandigwera ine, chifukwa ndinali nditaiyendetsapo kamodzi kupita ku Thuchila. Ndinawamva akuuza apongozi aakazi, ndi mawu oti afike kumene ndinali, "Chiigwirireni akamwiniwa, galimotoyi sinapezenso bwino."

Nyengo ya nandolo itafika, tinapakira matumba kupita nawo ku Muloza. Pafupi ndi chipata cha m'malire tinagwera m'dzenje la pamsewu, injini n'kuzima pomwepo. Apongozi anapotokola kiyi kangapo, osamveka kanthu. Dzuwa linali pamutu, a kabaza akutizungulira uku akuseka, osintha ndalama akupereka malangizo aulere. Wina wa iwo ndiye anatiitanira makanika amene ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango chapafupi, bambo waimvi wa kutsidya kwa malire amene ntchitoyo anaiphunzirira kwawo ku Milange.

"Ndi batire," apongozi anamuuza asanafunsidwe.

"Tayatsani magetsi akutsogolo, bambo," anatero makanikayo. Magetsi anawala. "Imbani hutala." Hutala inalira mpaka mayi wogulitsa zinanazi anatembenuka. "Batire lakufa silifuula chonchi."

"Ndiye ndi sitata."

Makanikayo anaonetsetsa kuti galimoto sili m'giya, anatsegula boneti, n'kukhudzitsa sikuludiraiva pa mawaya awiri a sitata. Panathetheka moto ndipo injini inatembenuka mwamphamvu. Anasuzumira mabala a sipanala aja n'kupukusa mutu. "Iyi mwakhala mukuimenya popanda mlandu."

Anayang'ana mafyuzi, onse anali bwino. Kenako anapempha kukhala pampando wa woyendetsa, ndipo apongozi anatsika monyinyirika. Apa m'pamene anaona chimene ife tonse tinali titachizolowera. Pakiyi ya galimoto pankalendewera mtolo wa makiyi wodzadza manja awiri: a kutchalitchi, a kunyumba, a maofesi a ku esiteti omwe apongozi sanabweze, chotsegulira mabotolo, chowengera zikhadabo, ndi wisulo yomwe ankaitanira othyola tiyi.

Makanikayo anapotokola kiyi pang'ono, timagetsi tapadashibodi n'kuyaka. Anagwedeza mtolowo, tinazima. Anaunyamula m'dzanja, tinayakanso. Anachita zimenezi katatu, mwapang'onopang'ono, kuti khamu lonse lione.

"Swichi yatha, bambo. Moto ukuchoka bwino kubatire, koma ukafika pano njira yaduka. Katundu uyu wakhala akuikoka padzenje lililonse mpaka m'kati mwaperepeseka. Kwathu uko kiyi timati shavi. Izi si shavi, ndi mwala wa mphero."

Apongozi anakonza jekete. "Ku esiteti ndinkanyamula makiyi oposa awa."

"Inu munkakwanitsa. Swichi si kapitawo."

Ine ndinawerama ngati ndikuona tayala, chifukwa mkamwini saseka apongozi pagulu.

Swichi yatsopano inali yoti ikafunidwe ku Limbe. Kuti tifike kwathu, makanikayo anamasula mawaya kuseri kwa chiwongolero, n'kuwalumikiza ku swichi ya getsi la m'nyumba ndi kabatani ka belu la pakhomo. Anatichenjeza kuti zimenezi n'zongoyembekezera. Apongozi anayatsa galimoto ngati akuyatsa getsi lakuchipinda, anadina kabelu, injini n'kulira. A kabaza anaomba m'manja.

Pobwerera tinafika pokhotera kamsewu kafumbi ka kumudzi. Pamenepo apongozi anati, maso ali kutsogolo, "Akamwini, nkhani za amuna zimathera m'galimoto."

"Ndamva, bambo," ndinatero.

Ndinauza mkazi wanga ndisanavule nsapato. Iye anauza mayi ake asanathe kuseka.

M'mawa mwake apongozi aakazi anatenga mtolo uja patebulo, n'kuyamba kuyesa kiyi iliyonse pa chitseko ndi loko iliyonse ya pamudzipo, amuna awo akuwatsatira m'mbuyo n'kumafotokoza mbiri ya kiyi iliyonse. Pa mulu wonsewo, makiyi anayi okha ndi amene anatsegula kanthu. Imodzi inali ya kachipinda kosungira shuga ndi mafuta ophikira, komwe kwa zaka zambiri apongozi aakazi ankachita kupempha kuti awatsegulire. Anaimangirira pangodya ya chitenje chawo.

Ya kutchalitchi anaitumiza kwa abusa. Osatsegula kanthu aja anawathira m'chitini cha misomali. Wisulo yokha anawabwezera amuna awo, n'kunena, "Iyi sungani, muziitanira nkhuku."