Gitala Lomatidwa mu Chiperoni

Mapegi a amayi ndimawakumbukira bwino kuposa nkhope za anthu ena a nthawi imeneyo. Anali amatabwa, othimbirira ndi sopo. Chaka chimenecho ankasowa pachingwe choyanikira zovala n'kukapezeka kuseri kwa nyumba, atandandalikidwa m'mphepete mwa thabwa lopindika, akugwira timatabwa timene amalume anamata ndi guluu. Zovala zikagwera m'fumbi amayi ankalalata: "Achimwene, mapegi angawa alembedwa ntchito ya ukalipentala?" Amalume osadzutsa n'komwe mutu ankangoti, "Mawa muwaona, achemwali."

Tinkakhala atatu ku Chinyonga, ine, amayi ndi amalumewo, poti bambo anatisiya ndili wakhanda. Amalume ankagwira ntchito pa fakitale ina yopanga mipando ku Makata. Sabata yonse ankakhoma mipando ya eni ake, koma Loweruka masana ndi Lamulungu akaweruka ku tchalitchi ankapanga gitala. Sindikunena banjo ya chigubu ndi waya wa mabuleki a njinga imene anyamata ankakhoma ayi. Linali gitala lenileni, la nsambo za nayiloni, loimba ndi zala. Luso limeneli analiphunzira ali mnyamata ku Beira, kwa kalipentala wina Mpwitikizi. Palibe anawatuma, palibenso ankafuna kuligula. Amayi ankati ndi matenda.

Kumaso kwa gitalalo anaikako mkungudza wochotsa ku chitseko chakale, m'mbali ndi kumsana mbawa. Mkungudzawo anaupala ndi pulena mpaka unapyapyala, moti akauloza kudzuwa kuwala kunkaonekera kofiirira. Ankaugwira ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu n'kuugogoda, kenaka n'kupalanso pang'ono. Matabwa a m'mbali ankawanyowetsa n'kumawapinda pa paipi yotenthetsa pambaula, nthunzi ili tolo, fungo la mbawa yowauka lili m'nyumba monse. Guluu anali wa chikopa, wowiritsa m'chitini, ndipo kununkha kwake anansi athu ankakudziwa. Mpaka lero ndikadutsa pa akalipentala ku Limbe, fungo la mkungudza limandikumbutsa amalume.

Amalume anali ndi lamulo limodzi limene ndinalimva mpaka makutu kuwawa: gitala samalimata n'kulitseka kunja kuli chinyezi. Ankati thabwa limamwa madzi a mumphepo n'kufufuma. Ukalimata lili lofufuma, dzuwa la Okutobala likabwera limakhwinyata n'kung'ambika. Choncho dzinja lonse zidutswa za gitala zinagona m'bulangete pamwamba pa kabati. Mvula itatha anati tidikirenso Chiperoni adutse, tidzamate kukauma, cha mu Seputembala. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero. Ine maso a nkhono ndinalibe nawo ntchito, ndinkafuna kumva gitala likulira, ndipo kudikirako kunanditopetsa kwabasi.

Zimene zinachitika ku fakitale mwezi wa Juni amayi anadzandiuza nditakula kale. Pa nthawi ya nkhomaliro, wantchito wina anayang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chimene chinapendekeka pakhoma, n'kuponya nthabwala. Amene anakhala naye tebulo limodzi anaseka. Wanthabwala uja anatengedwa ndi galimoto, osabweranso. Kenaka anatengedwa wina wa osekawo. Amalume anali pa tebulo lomwelo, ndipo anaseka nawo. Achinyamata a lero ndikawauza amaona ngati ndikukokomeza, koma masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa cha phwete.

Ine ndinangoona kuti amalume asintha. Akafika ankatsamiritsa njinga pakhoma n'kukhala pakhonde nsapato zili kuphazi, manja ali lende. Chakudya ankangochigwiragwira. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva amayi akulankhula motsitsa mawu: "Chaona mnzako chapita, achimwene. Dzerani ku Mulanje muwoloke malire, abale aliko." Amalume anayankha kuti, "Ndikathawa adzafunsa inu. Nanga mwanayu?" Ndinaganiza kuti akukamba za ulendo wokaona achibale, ndipo ndinadandaula kuti bwanji sakufuna kunditenga.

Chiperoni wa chaka chimenecho anali wosapatsa mpata. Nkhungu inaphimba phiri la Soche, mvula yowaza osaleka, zovala pachingwe osauma. Machesi ankakana kuyaka. Loweruka lina lotero, amalume anatsitsa bulangete lija pakabati n'kuteleka chitini cha guluu pambaula. Ndinadabwa.

"Amalume, si munati kukanyowa sitimata?"

"Gwira apa, iwe," anatero.

Anapaka guluu msangamsanga, n'kuvundikira msana wa gitala, n'kulikulunga lonse ndi malegeni mpaka linaoneka ngati katundu wa pa njinga. Munthu amene ankatha Loweruka lathunthu akusalaza kathabwa kamodzi, tsopano ankagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa. Akaweruka ankapitiriza mpaka kuwala kutha. Vanishi anangopaka kamodzi, wosakwanira, ndipo pena pake zizindikiro za pensulo zinkaonekabe.

Nsambo anamanga Lamulungu lina masana, mvula ikuwaza padenga la malata. Anakhala pampando, phazi limodzi pa njerwa, n'kuyamba nyimbo yapang'onopang'ono yopanda mawu. Kunena zoona sanaimbe bwino. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ankaphonya n'kubwerera, nsambo zatsopanozo n'kumangomasuka. Koma liwu lake linali lakuya, lofewa, losiyana ndi chilichonse chimene ndinamvapo pawailesi. Amayi anaima pakhomo, manja ali ndi thovu, osanena kanthu za mapegi. Amalume anandikoka n'kugunditsa khutu langa kumsana kwa gitala, n'kukhudza nsambo yaikulu. Ndinamva kunjenjemera mpaka m'mano.

"Wamva? Lalankhula," anatero, n'kuseka pang'ono. Aka kanali komaliza kuwaona akuseka.

Sabata isanathe, anapita kuntchito m'mawa monga mwa masiku onse. Madzulo kunabwera mnzawo wa ku fakitale akukankha njinga yawo. Anaitsamiritsa pakhoma pamalo pake pomwe, anakana mpando, n'kubwerera. Amayi sanalire mokweza. Anandiuza kuti wina akafunsa ndiziti amalume anapita kumudzi. Koma palibe anafunsa. Ngakhale aphunzitsi anga, amene ankakonda kupatuka kudzaona gitala likupangidwa, anayamba kudzera njira ina. Kale ndinkawaweruza, koma lero ndatopa nako kuweruza, nawonso anali ndi ana. Amalume sitinawaonenso.

Gitala amayi analipachika pa msomali kuchipinda. Chiperoni anatha, kunja kunayera, fumbi linabwerera. Tsiku lina la Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha, tinamva kuchipinda kuti thwa! Ndinathamangira. Mkungudza uja unali utang'ambika kuchokera pomangira nsambo mpaka pansi, mng'alu woti n'kulowa chikhadabo.

Lero ndikudziwa kuti amalume ankaudziwa mng'alu umenewo asanateleke n'komwe guluu. Ankadziwanso kuti Seputembala si wawo, ndipo anasankha gitala loti lilire kamodzi iwo alipo. Koma tsiku limenelo ndinapsa mtima, misozi ili chuchuchu.

"Amalume anapupuluma! Anaiwala lamulo lawo lomwe!"

Amayi anandiyang'ana ndi maso otopa, n'kutola mapegi awo kupita kukayanika zovala. Ine ndinatsala pansi, chala chili pa mng'alu, ndikudabwa kuti munthu wodziwa matabwa chotero analephera bwanji kudikira miyezi iwiri yokha.