Chulu Chimene Rebeka Ankachidziwa

Kwawo kwa Rebeka Sailesi, kuseri kwa Benga, kudali chulu chimene munthu wodutsa sakadachiyang'ana kawiri. Chidali kumalire kwa munda wa mlongo wake Steward, pomwe kamtunda ka miyala kamathera m'dambo. Padamera tsekera ndi kamtengo ka mpoza kosabereka. Patsinde pa chulu chimenecho padagona mwana woyamba wa Rebeka, ndipo mwa anthu onse amoyo, wodziwa zimenezi adali Rebeka yekha.

Mwanayo adabadwa osalira, Rebeka atangolowa kumene m'banja. Mwana wotere amati nthayo, ndipo maliro ake sakhala ngati maliro ena. Belu silira, nyimbo palibe, bokosi palibe, amuna sayandikira n'komwe. Amayi akuluakulu amangomukulunga m'kansalu, n'kukamuika m'kadzenje kosaya, n'kubwerako ngati achokera kotola nkhuni. Amayiwo adamulangiza Rebeka kuti asalire, ati misozi imatsekera njira ana obwera m'mbuyo, ndiponso kuti nkhaniyi asadzaitchule kwa mwamuna wake. Mwamunayo, Levison, adali kuntchito ku Dwangwa. Atafika adangouzidwa kuti ulendo uno sizidayende, iye n'kuzyolika, mawa lake n'kubwerera. Malowo ngakhale Rebeka sadayenere kuwadziwa. Adamusonyeza ndi azakhali ake, a Leah, patapita zaka, tsiku lina akuchokera komweta udzu. Adangoima, n'kuloza ndi mlomo, n'kupitiriza ulendo.

Pambuyo pake kudabadwa Michael, kenaka Hubert, anyamata amphamvu odya ngati aganyu. Anthu adati basi, Rebeka waiwala. Anthu amakonda kuganiza kuti mwana wina amafafaniza mnzake, koma oganiza choncho sadaberekepo. Akapita kwawo kukacheza, Rebeka ankapeza chifukwa chotsikira kudambo. Mwina ati akukathyola therere, mwina ati akukafuna bowa, ngakhale mwezi umene bowa sangamere. Akafika ankazula tsekera pang'ono patsinde pa chulu, n'kuima kanthawi, n'kubwerera. Kutchalitchi cha Anglican adali mmodzi mwa amayi oyambitsa nyimbo pamaliro, ndipo adaimbira akufa a anthu ena mpaka mawu kusasa. Wake yekha sadamuimbirepo ngakhale vesi limodzi.

Levison adali munthu wabwino, koma wodwala matenda a zitsulo. Moyo wake wonse adayendetsa makina okumba ngalande m'minda ya nzimbe, ndipo ankamva kudwala kwa injini msanga kuposa chifuwa cha mkazi wake. Atapuma pantchito, banja lidasamukira ku Benga. Anzake opuma nawo adagula malata, ena ng'ombe, ena njinga zamoto zonyamula anthu. Levison adapita kuokushoni ku Lilongwe n'kubwerako ndi chikatapila chokumba, chachikasu mbee ndi penti yatsopano, pamodzi ndi tipa yakale yotutira mchenga, ya chitseko chomanga ndi waya. Tsiku limene chilole chidachitsitsa pakhomo, Benga yense adasonkhana. Levison adakwera, n'kukweza mkono wa chikatapila m'mwamba, amayi n'kululutira. Rebeka naye adalulutira, poti adali asadamuonepo mwamuna wake akusangalala chotero.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti idali yatsopano ndithu, koma mapaipi onse adali otha. Chikatapila chinkadontha oyilo paliponse, ndipo chikadzuka Lolemba, Lachiwiri chagona. Tipa ndiye inkayesetsa. Levison adalemba dalaivala, bambo wina wofatsa wa ku Boma dzina lake Swaleh, ndipo ankatuta mchenga ndi njerwa za anthu omanga nyumba. Koma chikatapila chidakhala pakhomo chilimwe chonse ndi dzinja lomwe, mpaka nkhuku ya Rebeka idaikira mazira m'chibakete chake n'kuswa anapiye onse. Pamsika anthu ankamufunsa Levison, nkhope zili zii, ngati khola lake la nkhuku limamwa dizilo.

Apa ndi pomwe Rebeka, amene ankadana ndi fungo la girizi, adalowa m'bizinesi ndi miyendo yonse. Adagulitsa mpunga wake kuti agule paipi. Ankakwera minibasi kupita ku Dwangwa kukasaka makaniko, atanyamula kachitsulo kothyoka m'chitenje kuti akakaonetse, poti dzina lake linkamuvuta. Ankagwira tochi ndi sipanala, Levison ali chagada pansi pa injini. Sadachite zimenezi pokonda chitsulocho ayi. Ankaona kuti mwamuna wake akutha ngati sopo, ndipo chimene chinkamudya si njala koma manyazi.

Ntchito yeniyeni idapezeka mwezi wa Okutobala. Kontirakitala wina adapatsidwa msewu wafumbi wopita kuminda ya mpunga kuti aukonze mvula isadagwe, ndipo ankafuna wokumba ndi kututa dothi lamiyala. Levison adalowa pakhomo akuthamanga ngati mnyamata.

"Mayi a Michael, Mulungu wayankha! Ntchito ija yatheka. Ndipo dothi lake alipeza pafupi pompano, pamtunda paja pa alamu anga a Steward. Iwo avomera kale, akuti pamiyala paja sipamera kanthu."

Rebeka adali kupeta mpunga. Adatsitsa lichero pang'onopang'ono.

"Mukumba mpaka pati?"

"Kuyambira kumsewu mpaka kudambo. Ndi chulu chomwe chija, dothi lake limagwira bwino."

Madzulo amenewo Levison adadya ngati munthu wochira malungo. Rebeka adangoti mutu ukumuwawa.

Mawu ofunika adali ochepa, oti mwana wasukulu akhoza kuwanena osapumira. Koma mawu amene akhala m'mimba zaka zonsezi satuluka wamba. Sikuti ankaopanso zija adamulangiza, poti ana obwera m'mbuyo adabwera kale, ndevu zili pepeya. Chimene chinkamumanga lilime n'china. Angamuyang'ane bwanji mwamuna amene wagona naye mphasa imodzi mpaka imvi, n'kumuuza kuti nthawi yonseyi ankadziwa pomwe pali mwana wawo, n'kumapitako yekha? Komanso angathire bwanji madzi pa chimwemwe chimene iye mwini adachivutikira?

Choncho adayamba kuzungulira ngati mbuzi yapachingwe. Adamuuza Levison kuti kudambo kuja n'kofewa, chikatapila chingatitimire. Levison adaseka n'kufunsa kuti uinjiniya wauyamba liti. Adapita kwa Steward.

"Achimwene, chulu chija bwanji achisiye? Mumatuluka ngumbi zabwino."

"Chulu chakufa chija? Alongo, mukudwala kodi? Mudatuluka ngumbi ine ndikadali wosakwatira."

Steward sankadziwa kanthu, monganso amuna onse. Amayi amene adanyamula kansalu kaja adali atatha, a Leah ndiwo adatsiriza. Rebeka adabwerera kunyumba akudzitonthoza kuti nthawi ilipo. Ntchito iyambira kumsewu, chulu chili kumapeto, adzanena asadafikeko. Ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Sabata yoyamba chikatapila chidagwira ntchito ngati chatsopano. Mkokomo wake unkamveka mpaka pakhomo, ndipo Rebeka ankaumvetsera tsiku lonse, kuyesa kudziwa ngati wasendera kudambo. Levison ankabwera wofiira ndi fumbi, akuimba nyimbo zakwaya. Kangapo konse Rebeka adatsegula pakamwa, koma chotuluka chidali kufunsa ngati madzi osamba afunda mokwanira. Lamulungu m'tchalitchi adagwada nthawi yaitali kuposa anzake, ndipo podzuka adali atatsimikiza. Mawa akamutengera chakudya kuntchito, akamugwira dzanja, akapita naye patsinde pa chulu. Pamalo pomwepo mawu akatuluka okha.

Sadadziwe kuti Levison naye adali ndi maganizo ake. Lamulungu lomwelo kudachita mitambo kumadzulo, ndipo Levison, wodziwa ntchito yake, adaona kuti mvula ikangogwa kudambo sikulowekanso. Adauza Swaleh kuti Lolemba alawirire, ayambire kumunsi.

Rebeka adafika dzuwa litakwera, atasenza dengu la mbatata zophika ndi botolo la tiyi. Atatulukira pamtunda adayamba wasokonezeka, kuganiza kuti walakwitsa njira. Mpoza padalibe. Tsekera padalibe. Pomwe padali chulu padali dzenje lofiira, lalikulu loti nyumba n'kulowamo, ndipo chikatapila chidali m'mphepete mwake, mkono uli m'mwamba.

Sadakuwe. Adangokhala pansi pafumbi, dengu n'kugubuduka. Levison adamuona ali m'chikatapila, n'kuzimitsa injini, n'kutsika msangamsanga.

"Mayi a Michael, kwagwanji? Ndi ana?"

"Chulu chija chili kuti?"

"Chulu? Tathana nacho m'mawa. Swaleh watuta chonse, wakathira pokwera mlatho paja. Bwanji kodi?"

Rebeka adayang'ana m'dzenjemo. Mawu aja, amene adakanika m'nyumba sabata yonse, adatuluka mosavuta tsopano, nthawi itatha.

"Mudali mwana wathu mmenemo. Woyamba uja. Adamuika patsinde pake."

 Levison adatsetserekera m'dzenje, n'kugwada, n'kuyamba kufukula dothi ndi manja. Munthu amene adali ndi makina okumba dzenje lonselo m'mawa umodzi ankapalasa ndi zala, kunyamula kamwala kalikonse koyera, kukayang'ana, kukataya. Padalibe choti apeze. Mwanayo adali wochepa kwambiri, ndipo zaka zidali zambiri.

Tipa idabwera yopanda kanthu. Swaleh atatsika n'kuona abwana ake ali m'dzenje, mayi ali pansi, adafunsa motsitsa mawu. Rebeka adamuuza. Swaleh adanong'ona kapemphero ka Chiarabu, n'kutsegula chitseko chija chomanga ndi waya.

"Kwerani, mayi. Ndikakusonyezeni pomwe ndathira."

Levison adatuluka m'dzenje n'kukwera nawo. Pokwera mlatho adapeza dothi lija litasalazidwa kale, lathiridwa madzi, makina opondereza adutsapo. Padali msewu basi, wofiira, wosalala bwino, wautali kuposa bwalo la mpira. Njinga zonyamula matumba a mpunga zinkadutsa, okwerawo akuyamikira kuti koma tsopano ndiye kwayendeka. Swaleh adatsalira m'galimoto. Awiriwo adayenda pang'onopang'ono mpaka pakati, n'kuima, poti padalibe malo amodzi oposa ena oti n'kuimapo.

Rebeka ankayembekezera ukali. Akadakonda kuti amukalipire, amufunse chifukwa chake adakhala chete, chifukwa mlanduwo ankaudziwa ndipo adali wokonzeka kuusenza. Koma Levison ankangoyang'ana manja ake ofiira ndi dothi.

"Ine ndinkayesa simufuna kukumbutsidwa," adatero. "Amayi anga adandiuza kuti ndisadzafunse. Ndiye sindidafunse."

Apa mtima wa Rebeka udasweka kachiwiri, moposa kudzenje kuja. Zaka zonsezi ankadziona ngati wolira yekha, osadziwa kuti m'nyumba momwemo mudali wina wolira mobisa, aliyense akusunga mwambo kuti asapweteke mnzake.

"Adali wamwamuna kapena wamkazi?" adafunsa Levison.

"Wamkazi. Adali ndi tsitsi lambiri. Ndidamuona pang'ono asadamufunditse."

"Dzina lake?"

"Nthayo saitcha dzina, bambo a Michael. Mukudziwa."

"Zimenezo ndikudziwa. Ine ndikufunsa inu."

Rebeka adagwira nsonga ya chitenje n'kutseka pakamwa. Dzina lidalipo. Adalisankha mimba ikadali yaing'ono, ndipo sadauzepo munthu, ngakhale a Leah.

"Chisomo," adanong'ona. "Ndimamutchula Chiso."

Njinga ina idaliza belu kumbuyo kwawo, koma sadapatuke, mpaka wanjingayo adawalambalala akung'ung'udza. Levison adayang'ana msewu uku ndi uku, misozi ikulemba mizere pafumbi la kumaso kwake. Kenaka adakweza mawu, monga achitira bambo poitana mwana amene wachedwa kosewera.

"Chiso! Iwe Chiso!"

Ndipo Rebeka, amene adauzidwa ali mtsikana kuti asalire, adagwada pakati pa msewu n'kulira maliro a mwana wake.