Ng'ombe za Agogo Zinkamva Chingerezi

Agogo anga aamuna, a Zimba, ankamveka fungo la fodya wofwenkha ndi thukuta la ng'ombe, ndipo mpaka pano ndikamva unyolo wa ngolo ukulira ndimatembenuka ngati andiitana. Kwathu ku Chikomeni tinkakhala atatu: iwo, ine, ndi mayi amene ankadwaladwala. Mwana wamwamuna panalibe, ndiye wogwira chingwe kutsogolo kwa ng'ombe zawo ziwiri, Bantomu ndi Kapiteni, ndinali ine.

Chaka cha mayeso a giledi seveni Chingerezi chinandizunguza mutu, makamaka za akitivu ndi pasivu. Aphunzitsi ankati chiganizo china chimayamba ndi wochita, china chimayamba ndi chimene chachitidwa, koma ine ndinkangoziphatikiza. Nthawi yowerenga inkasowa, choncho ndinkalowezera panjira, fumbi likulowa m'kamwa, ngolo ya chimanga ikukwekweza pambuyo panga. Ndinkafuula: “The girl cooked the beans. The beans were cooked by the girl.”

Nditawamasulira agogo, anaseka mpaka kutsokomola. “Nyemba zimenezo sizinapse mpaka lelo, mzukulu wane?”

Ng'ombe zija zinazolowera kuyenda zikumva mawu amenewo. Tsiku lina malungo atandigwira, agogo anazimanga pagoli, anaimba likhweru, anakalipa, koma zinangoima n'kumabzikula. Mudzi wonse unaseka kuti ng'ombe za a Zimba zayamba sukulu.

Zotsatira zitatuluka, ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ya ku boma. Mvula inali itagwa, munda wa mtedza usanalimidwe. Mayi anandiuza mosabisa kuti ndikapita ng'ombe siziyenda, ndipo tidzagona ndi njala. Ndinalira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinavomera kukhala.

M'mawa mwake agogo anandiitana kukhola. “Tamara, niphunzitse vija va nyemba.”

“Agogo, muzakwanisa imwe?”

“Ng'ombe zakwanisa, ine ningakangiwe?”

Sabata yathunthu munthu wamkulu uja, amene sanapondepo m'kalasi, anapinda lilime kutsatira langa. Tsiku lonyamuka ndinadutsa m'mbali mwa munda, chikwama pamutu. Agogo anali atagwira pulawo, kutsogolo kulibe munthu, akufuula Chingerezi chawo chothyokathyoka, ndipo Bantomu ndi Kapiteni zinkayenda.

“Waona? Pita, usacheuke!”

Ndinapita mtima uli m'malo. Agogo anamwalira ndili chaka chachiwiri ku sekondale. Patapita zaka, mayi anandiuza zimene agogo anawaletsa kunena: ng'ombe zinayenda tsiku lija chifukwa zinkanditsatira ine m'mphepete mwa munda. Nditakhota, zinaima. Munda wonse uja agogo anaulima ndi khasu, okha, ndipo ankati aliyense wopita ku boma akandiuze kuti ng'ombe zikumvera.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi ku Chipata, ndipo mutu wa akitivu ndi pasivu sundivuta n'komwe. Chimandivuta ndi kuwasowa. Ndikaima kutsogolo kwa ana, choko m'manja, ndimalakalaka atangondilola kubwerera pakhota paja kamodzi kokha, ndicheuke, ndiwaone, ndiwauze kuti zikomo.