Ndazula maluwa a apongozi

Anzanga, sabata ino sindiseka munthu. Woti asekedwe ndi ineyo, ndiye khalani bwino pampando.

Ine ndi mayi akunyumba, a Nabanda, tikukhala kwa mwana wathu Chifundo ku Armadale, kuno kutsidya kwa nyanja. Mnyamatayo amagwira ntchito kumigodi, amapita pandege n'kukakhalitsa komweko. Pakhomo timatsala ndi apongozi athu, mkazi wa Chifundoyo, mayi a Tadala, amene ndi namwino ku Nedlands. Kuseri kwa nyumba ali ndi kadimba kawo. Musaganize za mpiru kapena tomato ayi, ndi ka maluwa okhaokha. Poyamba ndinkang'ung'udza kuti dothi likungowonongeka, koma ndinazolowera.

Lachiwiri m'mawa, akuthamangira sitima, apongoziwo anandiuza kuti, "Adadi, lero kutentha. Mundithirireko maluwa aja."

Kuthirira basi. Makutu anga alibe vuto, ndinamva bwinobwino.

Maluwa ake ndi aja amati ekinesiya. Pakati pa duwa pali kachulu kobaya ngati msana wa kanungu, timasamba ta duwalo tazungulira m'mbali. Ambiri anali ofiirira mowala, onenepa, otambasuka ngati amayi a mvano patsiku la chikondwerero. Koma kumapeto kwa bedi kunali ena omvetsa chisoni. Otuwa ngati chitenje chochapidwachapidwa, timasamba towonda, tolendewera pansi ngati makutu a galu wakuba mazira.

Ndinaima, ndinagwira chibwano. Ine ndalima chinangwa ku Nkhotakota moyo wanga wonse. Sukulu ndinalekeza panjira, koma zimene alangizi anatiphunzitsa za khate la chinangwa ndinazisunga: ukaona tsinde lodwala usalinyengerere, zula, taya kutali lisapatsire anzake. Nanga munthu wanzeru angathirire matenda?

Ndinazula. Otuwawo onse.

Pozulapo ndinatuluka thukuta. Muzu wake unali umodzi, wautali, wolimba ngati wa manyokola. Kamtima kananong'ona kuti, mkulu iwe, chodwala chimakhala ndi muzu wotere? Koma katswiri akayamba ntchito, kamtima amakauza kuti kakhale chete. Ndinaponya zonse m'bini, ndinasalaza dothi, ndinasamba, n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Madzulo apongozi atafika anangozungulira kuseri. Anakhalitsako. Pobwera ananyonyomala chapatali, manja pamodzi.

"Adadi, mwagwira ntchito lero."

"Zochepa, mayi. Aja anali ndi matenda, akanakupherani onse."

"Zikomo, adadi."

Chakudya anatiphikira, koma iwo sanadye. A Nabanda anawalondola m'kati, ndipo potuluka anandiyang'ana momwe amayang'anira mbuzi yolowa m'khitchini.

"Bambo a Chifundo, kodi anakutumani kuthirira kapena kupalira?"

"Ine ndawapulumutsira dimba."

"Mwapulumutsa chiyani? Aja ndi mtundu wina, amabadwa choncho. Inuyo mutu unayera, miyendo inawonda, alipo wakuzulani?"

Kenako anandiuza zonse. Mbewu zake apongozi anapatsidwa ndi mayi wina wachikulire amene anamusamalira nthawi yaitali m'chipatala mpaka kumwalira. Zinachokera m'dimba la mayiyo, ndipo nyumba yake inagulitsidwa kale. Chaka choyamba zinangotulutsa masamba. Chotsatira chimodzimodzi. Chaka chino ndiye zinachita maluwa koyamba, ndipo apongozi ankadikira kuti zikhwime atengepo mbewu.

"Mwana wa eni ake akulira m'bafa," anatero a Nabanda. "Watsegula mpope kuti musamve."

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kanga kanali kakuthwadi, koma kanameta mutu wosayenera.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi "zikomo" uja. Mpongozi wobadwira kuno akanandilalatira pomwepo, ine n'kukwiya, n'kuimbira abale kumudzi kuti ana a masiku ano alibe mwambo, n'kugona tulo tabwino. Koma uyu analeredwa ku Dedza. Sangayang'ane apongozi ake m'maso n'kuwauza kuti mwalakwa. Ndiye anandithokoza chifukwa chomuwonongera.

Akuluakulu anzanga amene munabwera kudzalera zidzukulu ku Girrawheen ndi kwina konse, tiyeni tiuzane. Kwathu mwana ankakhala chete pamaso pa mkulu chifukwa mkuluyo ankadziwadi tchire. Kuno tchire ndi lachilendo. Mitengo sitiidziwa, mbalame zimalira ngati zaledzera, ngakhale dothi ndi mchenga wokhawokha. Odziwa ndi anawa. Koma ife tikulamulabe ngati tili pamunda pathu, iwonso akunyonyomalabe. Tikasokoneza makina ochapira amati zikomo. Tikamwetsa khanda mankhwala a m'chikwama mwathu amangomeza malovu. Kodi ndi mipope ingati imene ikutsegulidwa m'mabafa mwathu kuti tisamve?

Dzuwa la Disembala kuno limachedwa kulowa, ndiye kunali kukadawala. Ndinapita kukagwetsa bini, ndevu zonsezi, n'kuyamba kutola mizu m'zinyalala. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda, anakweza dzanja, ine n'kukwezanso ngati ndili pantchito yolemekezeka.

Apongozi anatuluka, maso ali ofiira.

"Adadi, siyani, mudetsa zovala."

"Zovala zisiyeni, mayi. Tandionetsani chimene maso angawa sanaone."

Anazengereza, kenako anatola tsinde limodzi n'kuliika pafupi ndi amene ndinawasiya aja. Tsamba la onenepawo ndi lotambalala, m'mbali muli timano ngati sowo. La otuwawo ndi lalitali, lopyapyala, laubweya, lopanda mano. Anapaka chala pakachulu n'kundionetsa kaufa kake: ka onenepawo kachikasu, ka otuwawo koyera. Onenepawo mizu yawo ndi yambirimbiri ngati ya chimanga, ndiye ukawasamutsa sadandaula. Otuwawo ali ndi muzu umodzi wopita pansi, ndipo ukauzula kawirikawiri sugwiranso.

Tinadula maluwa onse pa ozulidwawo kuti mphamvu ipite kumuzu, tinabzalanso, tinathirira, tinaphimba ndi nsalu yotchinga dzuwa. Ine wokumba, iwo olamula. Mbewu za chaka chino zapita basi.

"Agwira?" ndinafunsa.

"Kaya, adadi. Tiona."

"Ndiye nenani chimene chili mumtimamo. Zikomo uja akundiwawa."

Anafikisa dothi m'zala. A Nabanda ali pakhomo, manja m'chiuno.

"Adadi, mwandipweteka," anatero motsitsa mawu. "Mukanangondiimbira foni. Ndipo m'dimba muno musamazule kanthu ndisanaone."

Chibadwire sindinadzudzulidwepo ndi mpongozi. Zinawawa ngati jekeseni wa namwino wodziwa ntchito, kamodzi kokha, pamalo pake. Ndinavula chipewa.

Pamene ndikulemba pano mizu ija ili zii, sinaphuke, sinaumenso. M'mawa uliwonse ndimakaiyang'ana manja ali kumbuyo.

Nanga inu anzanga, pakhomo panupo alipo amene munamupatsa chilolezo chokuuzani kuti mwalakwa, kapena onse amangokuthokozani?